Mlandu wa Kangaude wa pa Khonde

 Mwezi watha tinacheza za chiswe ndi nkhokwe zathu, ndipo ndinalonjeza kuti mwezi uno tidzakamba za njuchi. Mundikhululukire, njuchizo zibadikira. Pakuti ndaona kanthu ndi maso anga kamene kandikaniza kukhala chete, ndipo ndifuna kuti tikhale pansi tiweruze mlandu wa kangaude uja amatcha ukonde wake pansi pa tsindwi, pa khonde la nyumba zathu.

Kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, chizimalupsya itagwa kamodzi nileka, dzuwa la ku Balaka litabwerera pa ukali wake, ndinagona pa mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi. Madzulo, tiri pa mphasa kuyembekeza nsima, tinamva mfuu kuseri kwa nyumba yoyandikana nafe. Pothamangira kumeneko tinapeza tsindwi la khitchini liri lawilawi. Amai anathira madzi onse amene anatunga pa mjigo tsiku limenelo, anyamata nakwera nagwetsa udzu ndi mitengo, ndipo mwa mwai mphepo inali kuomba chopita ku munda, osati ku nyumba yogona. Khitchini inapsya theka, pamodzi ndi dengu la nandolo ndi chimanga cha mbeu chimene anachipachika pa utsi. Munthu sanapsye, koma mvula inali pafupi, ndipo inu nomwe mudziwa mtengo wa mbeu yogula pa nyengo imeneyo.

Moto utazima ndinafunsa chiyambi chake. Mai wa pa nyumbapo anandiuza ndi misozi kuti kamtsikana kake kanadzuka m'mawa ndi matuza pa khosi, ofiira ngati pamene padutsa chitsulo chamoto, ndipo agogo atayang'ana anati, kangaude wamkodzera usiku. Tsono pa ngodya ya khitchini panali kangaude wamkulu wakuda, wokhala pamenepo miyezi yambiri. Maiyo anatuma mnyamata wake ndi muuni wa udzu kuti akamtenthe. Kangaude atamva kutentha anadziponya pansi pa ulusi wake nalowa m'mng'alu wa chipupa, ndipo chilango chake chinagwera udzu.

Sindinena izi kuti ndimnyoze maiyo ai. Anachita chimene ambiri a ife tikadachita poona mwana alikulira, ndipo anamva mau a akulu monga tinaphunzitsidwa. Koma pa bwalo la mfumu munthu samangidwa asanamveke mbali yake; chotero tiyeni timuitane wozengedwayo, timyang'ane bwino, tione ngati mlanduwo uli wake.

Nonse mumdziwa, chinkana simunamyang'anitsitse. Akhala pa ngodya pamene chipupa chikomana ndi denga, pansi pa nkhokwe, m'khola la ng'ombe, pa makonde a sukulu ndi a sitolo ku Ulongwe, ku Liwonde ndi ku Ntaja. Ndipo kutali ndi midzi mudzampeza pa mphako za milambe ndi m'ming'alu ya matanthwe. Amene timuona ndiye wamkazi. Thupi lake, osawerenga miyendo, lifika pa inchi imodzi, ndiwo masentimita 2 ndi theka. Liri lakuda kapena loderako, lokhala ndi mawanga achikasu. Ndipo mukamuona cha kunsi, pa chifuwa pake pali chigamba chowala, chachikasu kapena chofiira ngati lalanje lakupsya.

Ukonde wake suli wozungulira bwino ngati mkombero wa lichero, monga wa akangaude a m'munda. Uli wotalika chotsika, nthawi zina kuposa mita imodzi, ndipo mchombo wake, pamene maulusi onse akomana, suli pakati ai, koma pamwamba, pafupi ndi denga. Pomwepo pali chizindikiro chimene chimlekanitsa ndi anzake: kanyumba ka ulusi wothithikana, konga mono wa nsomba, kamene kamwa kake kayang'ana ku ukonde ndi mchira wake ulowa m'ngodya. Usana abisala m'menemo, miyendo ya kutsogolo itagwira maulusi. Kukada aturuka nakhala pa khomo kufikira mbandakucha. Chifukwa cha khalidwe limeneli Azungu amtcha kangaude wobindikira, monga munthu wokhala yekha m'phanga.

Ife tingoti kangaude kwa onse a miyendo 8, ang'ono ndi akulu omwe. Koma mitundu ya akangaude imene anthu ophunzira anailemba maina inapitirira 50,000 m'chaka cha 2022, ndipo mtundu uli wonse uli ndi dzina lake la Chilatini, la mau awiri, loyamba la pfuko ndi lachiwiri la mwini wake. Uyu dzina lake ndi Nephilingis cruentata. Amene anayamba kumlemba m'buku ndiye Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, wophunzira wa Carl Linnaeus, m'chaka cha 1775. Ife amene tinakhalako pa benchi la seminale, ndi kubvutika ndi Chilatini m'mamawa kukuzizira, liu lachiwirilo tilidziwa: cruentata ndiko kunena wothimbirira ndi magazi. Ndiyesa kuti chigamba chofiira cha pa chifuwa chija ndicho chinampatsa dzina loopsyalo. Taonani tsono, kumnenera zoipa kangaudeyu sikunayambe ndi agogo a ku Rivirivi. Ngakhale wophunzira wa ku Ulaya, pomuona koyamba, anaganiza za magazi.

Liu loyambalo ndi lachilendo ngakhale kwa ophunzira ambiri, popeza linaikidwa dzulo lomweli. Zaka zambiri kangaudeyu anawerengedwa m'pfuko la Nephilengys, pamodzi ndi ena ofanana naye a ku Asia. M'chaka cha 2013 Matjaž Kuntner wa ku Slovenia ndi anzake, atalondola chibale cha akangaudewa, anapeza kuti a ku Africa ndi pfuko pa okha, nawapatsa dzina losiyana ndi lakalelo pa malembo awiri okha. Pfukoli ndi laling'ono, la mitundu 4. Itatu ikhala pa zisumbu za m'nyanja ya India: wina ku Réunion, wina ku Madagascar ndi zisumbu zoyandikana nayo, ndi wina ku Mauritius, amene anamtcha dodo pokumbukira mbalame ya pa chisumbucho imene inatha psiti. Wathu yekha ndiye mlendo woyendayenda. Apezeka m'maiko ambiri otentha a Africa, ndiponso kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku Brazil, kumene atcha ukonde wake pa makonde a m'mizinda monga achita ku Balaka. Ophunzira ayesa kuti anaoloka m'zombo, atabisala m'katundu. Powerenga zimenezi mtima wanga unakumbukira kuti zina mwa zombo zoyenda njira imeneyo zinanyamula akapolo pa doko la Quelimane kupita nao ku Rio de Janeiro, ndipo pakati pa akapolowo panali anthu a chigwa chathu chino cha Shire.

Tsopano tione nchito yake, pakuti m'misiri adziwika ndi nchito. Ndikupemphani kuti tsiku lina madzulo mutenge nyali, muime chapatali pang'ono ndi ana anu, mupenye. Ulusiwo suturuka m'kamwa monga ana ayesa, koma kumapeto kwa mimba, pamene pali timawere tating'ono. M'kati mwa thupi uli ngati madzi; pokokedwa ndi miyendo ya kumbuyo uuma nusanduka chingwe. Ndipo suli wa mtundu umodzi: akangaude oluka ukonde ali ndi timatumba ta ulusi ta mitundu yofika 7, wina wa mizati, wina womata, wina wokulungira nyama yogwidwa, wina wopfundira mazira. M'misiri wathu womanga nyumba apita ku thengo kukafuna luzi pena, nsungwi pena, mapaso pena. Uyu anyamula zonse m'mimba mwake.

Ayamba ndi chingwe cha pamwamba. Kangaude wa m'thengo aponya ulusi pa mphepo, nadikira kufikira ukole pa nthambi ya tsidya lina, naukoka kuti aone ngati wagwira. Ku Madagascar kuli wina, amene anamlemba dzina m'chaka cha 2010, woolotsa chingwe chake pamwamba pa mtsinje kufikira mamita 25. Wathu wa pa khonde sabvutika chotero, popeza chipupa ndi denga zimpatsa pogwira. Atamanga malire a ukonde, ayala maulusi ochokera pa mchombo kupita ku malirewo, monga masipoko a njinga, kapena mapaso a nyumba yozungulira ya makolo athu. Amenewa ali ouma, samata. Pamenepo azungulira kuchokera pakati kupita kunja ndi ulusi wina woumanso, wotalikirana, umene uli ngati makwerero a womanga nyumba. Potsiriza abwerera kuchokera kunja kulowa m'kati ndi ulusi womata, nauika mzere ndi mzere, akuyesa mpata wake ndi mwendo, osaphonya. Akangaude ambiri achotsa makwerero aja pomaliza. Uyu ndi abale ake awasiya, ndipo mukayang'anitsa mudzaona mizere yomata itaikidwa m'magulumagulu, ndi mpata pakati pake.

Ana a sukulu amandifunsa kawirikawiri kuti, nanga mwini wake alekeranji kukodwa? Yankho ndi lakuti adziwa njira za m'nyumba mwake. Apondetsa pa maulusi ouma, agwira ndi nsonga zokha za miyendo, pamene pali tizikhadabo ndi tiubweya, ndipo miyendoyo iri ndi kamafuta koletsa kumata. Maso ali nao 8, koma saona bwino. Chimene chimuuza kuti nyama yagwa ndicho kunjenjemera kwa ulusi. Ayesa kulemera kwa chogwidwacho ali chikhalire m'kanyumba kake, monga msodzi wa pa Chiuta adziwa ndi dzanja pa chingwe ngati yakoka ndi nsomba kapena udzu. Ikakhala nchenche athamanga, nailuma, naikulunga, nainyamula kupita nayo m'kati. Mukaponya kachitsotso adza nakachotsa mosafulumira, nakagwetsa pansi.  Athira malobvu ake pa nyamayo kuti isungunuke, namwa msuzi wake, nataya khungwa. Ukonde ukang'ambika saugwetsa wonse, koma asoka pong'ambikapo, ndipo ulusi wakale audya kuti usatayike. Pa ichi aposa ambiri a ife osunga chuma.

Nanga mwamuna wake ali kuti? Ali pomwepo, koma simunamuone, kapena munamuyesa mwana. Thupi lake silipitirira mamilimita 4, ngati njere ya mpunga yoduka. Akakula saluka ukonde wogwirira nyama. Ayenda kufunafuna nyumba ya wamkazi, nakhala m'mphepete mwake mwa mantha, pakuti akayandikira pa nthawi yolakwika adyedwa ngati nchenche. Za ukwati wotere sindinena zambiri. Amuna a m'mudzi athokoze kuti sanabadwe akangaude. Palinso alendo ena pa ukondewo, tiakangaude tonyezimira ngati timadontho ta siliva, ta pfuko la Argyrodes. Timeneti sitiri ana ake ai, koma timbala tokhala pa khomo la mwini chuma, todya tizirombo tating'ono timene iye watinyoza, ndi kubako pang'ono pa zimene wasunga. Ana ake eni eni aswedwa m'kathumba ka ulusi kobisika pafupi ndi kanyumba kaja. Akaturuka akhala pamodzi masiku owerengeka, pambuyo pake nabalalika, ena atatengedwa ndi mphepo pa kaulusi kao.

Ali ndi msuweni wake amene mumdziwanso, ngakhale sakhala pa nyumba. Ndiye uja wa miyendo yaitali ya mizere yachikasu ndi yakuda, amene atcha ukonde waukulu pakati pa mitengo ya tsanya ndi m'mphepete mwa minda ya thonje kumapeto kwa dzinja, cha mu Marichi ndi Epulo. Ali yense amene anadutsa m'thengo la ku Liwonde m'mamawa anakomana nao ndi nkhope ukonde umenewo, ndipo adziwa kuti suduka msanga. Ulusi wake ukawala ndi dzuwa uli wachikasu ngati golide, pamene wa pa khonde uli wotuwa. Pfuko lake kale linali Nephila, liu la Chigriki lonena wokonda kupota. Kuyambira 2019 ambiri a ku Africa awerengedwa m'pfuko la Trichonephila. Mukayesa pa sikelo ulusi umenewu ndi waya wa chitsulo zolemera mofanana, ulusi ndiwo unyamula katundu woposa.

Anthu anayesa kale kuupota kuti aombe nsaru. Bambo Paul Camboué, wansembe wa Chifalansa wa chipani cha Ayezuiti, amene anagwira nchito ku Madagascar kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anapeza njira yokokera ulusi kwa akangaude amoyo osawapha, ndipo nsaru zotchingira bedi zoombedwa ndi ulusi wotere zinaonetsedwa ku Paris m'chaka cha 1900. Patapita zaka zoposa 100, Simon Peers ndi Nicholas Godley anaukitsanso nchitoyo pa chisumbu chomwecho. Anthu ankagwira akangaude m'mawa, nawakoka ulusi kanthawi, nawabwezera ku thengo. Nsaru imodzi inadya ulusi wa akangaude oposa 1,000,000, ndipo inaonetsedwa ku New York mu 2009. Chopfunda china cha pa mapewa chinaonetsedwa ku London mu 2012, chachikasu chowala popanda kunyikidwa m'utoto uli wonse. Alimi a thonje a ku Phalula ndi ku Utale asade nkhawa kuti malonda ao alandidwa. Akangaude saweteka m'khola, popeza akakhala pamodzi adyana, ndipo nsaru yotere iri ya kungoyang'ana, si ya kuberekera mwana.

Tibwerere ku mlandu. Wozengedwa anenezedwa ziwiri: kuti aluma, ndi kuti akodzera anthu usiku.

Za kuluma, zoona ali ndi ululu, monga pafupifupi akangaude onse, koma ululuwo uli wa nchenche ndi agulugufe. Mukagwedeza ukonde wake athawira m'kati. Mukamlondola adzigwetsa pansi. Kuti alume munthu afunika kufinyidwa m'dzanja, ndipo chotsatira chake ndicho kuwawa ndi kufiira kwa pomwepo, kumene kutha kokha. Za kukodza, ndinena mosabisa kuti ili ndi bodza limene tinalilandira kwa makolo osalifunsa, ndipo safunsa anadya phula. Kangaude alibe mkodzo wootcha khungu. Zonyansa zake ndizo timadontho toyera tija muona pa chipupa kunsi kwa ukonde, ndipo sitipweteka munthu. Kuonjeza apo, wamkazi wamkuluyu sayenda usiku pa mphasa zathu. Usiku ndiyo nthawi yake ya nchito, ndipo sachoka pa khomo pake.

Tsono matuza aja anadza ndi yani? M'mawa mwake tinapita naye mwanayo ku chipatala, ndipo sing'anga atangoona mzerewo anafunsa ngati pa nyumbapo ayatsa nyali ya sola usiku pafupi ndi pogona. Wopalamula ndiye kachirombo kena kochepa, kotalika ngati nyerere yaikulu, ka mizere yakuda ndi yofiira, ka pfuko la Paederus. Kakhala m'malo a chinyontho, m'madimba ndi m'mbali mwa mitsinje, kachuluka mvula ikayamba, ndipo usiku kaulukira ku kuunika. Sikaluma, sikabaya, koma m'thupi mwake muli madzi oopsya, ndipo munthu akakaphwanyira pa khungu ali m'tulo, nakakhwekhwereza ndi dzanja, patapita tsiku limodzi kapena awiri paturuka matuza motsata pamene dzanja linapita. Mukakaona pa thupi musakamenye. Kauzireni ndi mpweya kagwe, kapena kachotseni ndi tsamba. Ngati kaphwanyika kale, sambani pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo musagwire m'maso. Ndiganiza ndi chisoni kuti ukonde umene unatenthedwa madzulo aja unali msampha umodzi wotchedwa pa njira ya tizirombo touluka kupita ku nyali.

Palinso nthenda ina imene kangaude asenzera mlandu wake, ndiyo mashingozi. Matuza ake adza mbali imodzi yokha ya thupi, ngati lamba wa theka pa nthiti kapena pa nkhope, ndi kuwawa kobaya kumene kuyamba matuzawo asanaoneke. Achokera ku kachirombo ka katsabola kamene kanagona m'mitsempha kuyambira ubwana, ndipo kadzuka munthu akakalamba kapena thupi likafooka. Mankhwala ake athandiza bwino akayambidwa m'masiku 3 oyamba. Banja limene litaya masiku amenewo posaka kangaude m'denga lichedwetsa wodwala wao pachabe, ndipo ngati matuzawo ali pafupi ndi diso kuchedwako kungathe kumuonongera diso.

Koma ndisakunamizeni kuti akangaude onse ali ofatsa. Alipo mmodzi pa nyumba zathu woyenera kumchenjera, ndipo chodabwitsa ndi chakuti ameneyo sitimuopa, popeza ali wamng'ono. Mimba yake iri yobulungira ngati njere ya nandolo, yotuwa, yodera kapena yakuda, ndipo kunsi kwake kuli chizindikiro chofiira kapena cha lalanje chonga mtondo, chopyapyala pakati. Pfuko lake ndi Latrodectus. Ukonde wake ulibe dongosolo, uli wosokonezeka ngati ulusi umene mwana waseweretsa, ndipo akonda malo a pansi ndi a mdima: kunsi kwa mipando, m'zitini zakale, m'matayala, pa mulu wa njerwa, m'ngodya za chimbudzi. Timatumba ta mazira ta amene apezeka kawirikawiri m'nyumba tiri toyera, tokhala ndi timinga ngati chipatso cha nsatsi. Mukaona timeneti dziwani kuti mwini wake ali pafupi. Akaluma, ululu wake ukhoza kuyenda m'thupi, ndi thukuta, ndi kukokana kwa minofu ya m'mimba ndi ya m'miyendo. Mwana kapena nkhalamba akalumidwa, musateme mphini, musamange chingwe; sambitsani pa balapo mumtengere ku chipatala msanga. Kusiyanitsa kwake sikubvuta. Wa pa khonde ali wamkulu, akhala pamwamba, ukonde wake uli wa mizere, ndipo kufiira kwake kuli pa chifuwa, pakati pa miyendo. Woopsyayo ali wamng'ono, akhala pansi, ukonde wake uli wa chisawawa, ndipo kufiira kwake kuli pa mimba. Phunzitsani ana kugwedeza nsapato asanabvale, ndi kusapisa dzanja m'malo amene maso sanaone.

Mlandu ukatha, wopambana afunsidwa ngati ali ndi phindu pa mudzi. Pansi pa ukonde wa pa sukulu ina ku Nsanama ndinatola makungwa a zimene anadya, ndi kuziyala pa pepala pamaso pa ana: nchenche za m'chimbudzi, agulugufe a usiku, tizikumbu, ziwala zazing'ono, mapiko a ngumbi. Pa nkhokwe agwirako agulugufe otuwa amene mbozi zao zidya dzinthu. Salipidwa, sapempha ufa. Nayenso adyetsa ena: mabvu oumba nyumba za dothi pa chipupa asaka akangaude ang'ono kuti adyetse ana ao, ndipo timbalame toyamwa maluwa timanga zisa zathu zokongola zija za pa mitengo ya pa bwalo ndi ulusi wa kangaude. Udzudzu agwirako, inde, koma pano ndichenjeze, pakuti ndinamva bambo wina alikunena kuti kwa iye neti njosafunika popeza akangaude alonda nyumba. Iai, atate. Udzudzu wa malungo ulowa pa mpata wa pakati pa chipupa ndi denga, pa mazenera ndi pa khomo, ndipo ukonde wa pa ngodya imodzi sungautsekereze. Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma amene katemera wa malungo anayambira kuperekedwa kwa ana m'chaka cha 2019, chifukwa nthendayi iri yaikulu kuno. Ana agone m'neti usiku uli wonse, kangaude alipo kapena palibe.

Ndidziwa kuti amai ena adzati, zonsezi tamva, koma nyumba ya maukonde ioneka ngati bwinja, ndipo alendo adzatiyesa aulesi. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sinditi musiye tsache. M'kati mwa nyumba, pa malo ophikira ndi pamwamba pa pogona, sesani monga mwa masiku onse. Ngati wamanga pa khomo pamene mitu ya anthu ipita, tengani ndodo yaitali, mukulunge ukonde pamodzi ndi mwini wake, mukamsiye pa khola kapena pa mtengo wa kuseri. Adzamanganso m'masiku owerengeka. Koma wa pa ngodya ya kunja, wa pa nkhokwe ndi wa pa chimbudzi pamwamba, mlekeni. Ndipo chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: moto usayandikire tsindwi chifukwa cha kangaude, kapena mabvu, kapena chiri chonse chokhala m'udzu.

Usiku uja wa moto, anthu atabalalika, ndinakhala ndi agogo aja pa khonde, ndipo iwo okha anakumbukira nthano ya makolo ya ku Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama. Anati pa chiyambi Chauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mu mtendere, kufikira tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri nabutsa moto. Thengo linayaka, nyama zinathawa ndi kumuda munthu, galu ndi mbuzi zinathawira kwa iye, nanzikambe anakwera mu mtengo; ndipo amene anaponya ulusi kuti Chauta akwerepo kupita kumwamba anali kangaude. Atatha kusimba anakhala chete, pambuyo pake naseka pang'ono, nati, kangaude ndi moto wa munthu anadziwana kale, ndipo wothawa bwino ndi yemweyo.

Anansi anathandizana, wina udzu, wina nsungwi, wina mbale ya mbeu, ndipo khitchini inafoleredwa mvula isanakhazikike. Matuza a mwana anauma patapita masabata awiri, nasiya kachipsyera kakuda kamene kalikuzilala. Nyali ya sola tsopano aipachika pa mtengo wa pa bwalo, kutali ndi mphasa. Ndinadutsanso pa mudzipo sabata latha, ndipo mnyamata uja anandikoka dzanja kupita nane kuseri kwa khitchini. Pa ngodya yomweyo, pansi pa udzu watsopano, pali kanyumba konga mono, ndi miyendo iwiri yakuda yoturukira pa khomo pake. Anandifunsa ngati ali yemwe uja. Ndinamuuza kuti awerenge mawanga ake, ndi kuyang'ana m'mphepete mwa ukonde ngati mwamuna wafika, kuti adzandiuze ndikadzabweranso.

Mwezi wa mawa, tikakhala ndi moyo, tidzakamba za njuchi.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa m'midzi ya ku Shire